Ndinasoka Zikwama Tsiku la Maliro a Mnansi Wanga

Zikomo atcheya pondipatsa mpata. Abale ndi alongo, ndikuona ena mwayamba kale kumwetulira ine ndisanatsegule pakamwa. Palibe kanthu, sekani. Dzina langa ndine Lefani Mwale, telala wa pakhonde la sitolo ya a Hamisi pano pa Nsaru. Ena munandidziwa ndili bwana wa makina asanu. Ena munandidziwa ndikugona m'ngalande kuseri kwa msika, dzuwa likuswa mtengo, ntchentche zikuchita msonkhano pakamwa panga. Anthu awiri onsewo ndi ine ndemwe.

Andiuza kuti muno muli achinyamata amene apeza ntchito za pafoni ndi pakompyuta zochokera ku makampani a kunja, komanso amayi oluka madengu amene alonjezedwa msika wa kutsidya kwa nyanja. Sindinabwere kudzakuletsani. Ntchito ya kunja ndi ntchito ndithu, ndipo nyumba ya malata imene ndimagonamo inamangidwa ndi iyo. Ndabwera kudzakuuzani mmene ndinatayira anthu anga chifukwa cha ntchitoyo, ndi mmene ena mwa iwo ananditolera pamene ine ndinali wosayenera kutoledwa.

Zaka zambiri ndinkasoka pakhonde la a Hamisi. Mgwirizano wathu unali wosavuta. Munthu agula nsalu m'sitolo, akamatuluka apeza ine pakhomo, tepi ili m'khosi. Matupi a anthu a kuno ndinkawadziwa kuposa a kuchipatala. Ndinkadziwa abambo amene phewa limodzi linatsika chifukwa chosenza mabelo a fodya. Ndinkadziwa kuti mayi akati, "Musandiyeze, ndine yemwe uja," iwe uwonjezere zala ziwiri m'chiuno, osanena kanthu. Sindinali wolemera, koma pakhonde paja sipankasowa nsalu.

Tsiku lina panaima galimoto yoyera, mukutuluka mayi wina wa mu Lilongwe. Tonse tinkangowatchula kuti a Madamu. Iwo anali ataona kachikwama ka chitenje kamene ndinasokera mkazi wanga, Naphiri, ndipo anafunsa kufikira atandipeza. Anati kampani ina ya ku Ulaya imagulitsa zikwama zotere, ndipo ikufuna anthu osoka. Ndinawafunsa kuti kodi ku Ulayako kulibe matelala.

"Analipo," anatero a Madamu. "Kunali fakitale yathunthu, koma anatseka. Anthu a kumeneko amadula. Inu kuno simudula, komanso dzanja lanu ndi labwino."

Pa mawu awiriwo ine ndinamva amodzi okha, akuti dzanja langa ndi labwino. Za anthu a m'fakitale ija ndinaseka. Ndinauza anzanga kuti ndalanda azungu ntchito ndili pakhonde. Sindinafunse kuti anthuwo anapita kuti, kapena kuti ana awo anadya chiyani mwezi wotsatira.

Ndisaname, ntchito ija inandiphunzitsa zambiri. Ankabweretsa chikombole cha katoni, ndipo chikwama chilichonse chimayenera kufanana ndi chinzake ngati mazira a nkhuku imodzi. Msoko ukakhota pang'ono, abweza. Ulusi ukalendewera mkati, abweza. Akati lole ibwera Lachinayi, imabweradi Lachinayi, chifukwa sitima ya panyanja siidikira munthu wa pa Nsaru. Ndalama zinayamba kulowa. Ndinachoka pakhonde osatsanzika bwinobwino, n'kukatsegula malo kumudzi kwathu, m'nyumba mwanga momwe. Ndinagula makina ena anayi, ndinalemba matelala anayi.

Apa m'pamene ndinayamba kubweza nsalu za anthu. Inu mukudziwa kuti telala wa kwathu kuno sabweza nsalu. Anama inde, akuuza kuti ubwere Lachisanu, ukabwera Lachisanu akuuza za Lachisanu linzake, koma sakuuza kuti nyamula nsalu yako uzipita. Ine ndinkatero. Mayunifolomu a ana asukulu, madiresi a chinkhoswe, mathalauza ofunika chigamba, zonse ndinkati, "Pitani kwa ena, ine ndili ndi oda ya kunja." Mawu akuti oda ankandikoma m'kamwa ngati shuga.

Kenaka anamwalira a Chimphepo, mnansi wanga. Nyumba yawo ndi yanga zangosiyana ndi kamunda ka mtedza. Anali kasitomala wanga wakale, munthu wofatsa. Anatisiya Lachiwiri m'mawa, lole ya zikwama ikubwera Lachinayi, ife tisanafike ndi theka lomwe. Masana kunabwera amayi awiri kuchokera kusiwa, atanyamula nsalu yoyera. Anatumidwa ndi a Nambewe, mkazi wa malemu, kuti ndisoke chovala cha malemu ndi nsalu ya m'bokosi. Mwambo wake tonse timaudziwa. Ntchito imeneyi telala wa m'mudzi amasiya zonse n'kuigwira, ndipo salipiritsa.

Ndinawauza kuti apite nayo pa Nsaru, ndipo ndinawapatsa ndalama ya kabaza. Ndinkaona ngati ndachita zaulemu. Amayi aja anayang'ana ndalamayo, anayang'anana, anaisiya pawindo, n'kumapita wapansi.

Zikadakhala kuti mlandu wanga unathera pomwepo, bwenzi ndikuti kunali kuphonya. Koma tsiku loika maliro, mudzi wonse utasiya makasu, ine ndinatseka chitseko ndi mawindo n'kuuza matelala kuti tipitirize. Awiri anakana, anavala nsapato n'kupita kumaliro. Tinatsala atatu. Ndinkaganiza kuti zipupa za njerwa zimabisa phokoso. Njira ya kumanda imadutsa kuseri kwa nyumba yanga, ndipo mkazi wanga anali pa mzere wa amayi oimba. Atabwerako anaima pakhomo, nsalu yakuda ikadali m'chiuno.

"Bambo," anatero, "nyimbo ikati yadukiza, timamva inu."

Palibe anandiitanira ku bwalo. Palibe anandilipiritsa nkhuku. Anthu ankandipatsa moni monga kale, ine n'kumati nkhani yatha. Lole inabwera, zikwama zinapita, a Madamu anandiyamikira kuti ndine wodalirika.

Patatha chaka ndi miyezi, a Madamu anabwera okha, opanda lole. Anakhala pampando, anakana tiyi, anandiuza kuti ntchito yasamukira ku dziko lina la ku Asia. Ndinati titsitse mtengo. Iwo anapukusa mutu.

"A Mwale, ngakhale mutasoka ulere, sitingakwanitse. Zipi timaitanitsa kunja, ulusi kunja, ndipo chikwama chikatha chimayenda masiku pamsewu chisanaone nyanja. Kumeneko zipi amapanga okha, doko lili pakhomo. Si inu mwalakwa."

Anandisiyira chikwama chimodzi cha kumeneko kuti ndidzionere ndekha. Ndinachiponya pamwamba pa kabati osachiyang'ana. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma ine ndinali nditamanga nkhokwe yosungiramo mamewo.

Matelala anga anabalalika. Ndinalemba chikwangwani kuti tayambanso kusoka za aliyense, n'kukhala pakhomo kudikira. Anthu ankadutsa ndi nsalu zawo m'manja, moni n'kupereka, ulendo wa kwa telala wina. Sabata inatha, mwezi unatha, osabwera ndi chigamba chomwe. Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti mlandu uja unaweruzidwa kalekale, kungoti ine sanandiuze.

Zotsatirazo zinayenda mofulumira. Ndinayamba ndi kabotolo ka kachasu koti mutu uzizire. Makina oyamba ndinagulitsa ndi chifukwa chomveka, achiwiri ndi chifukwa chongopeka, achitatu ndi achinayi sindikumbukira. Ndikakhuta ndinkaima pamsika n'kumakalipira anthu a ku Asia kuti ndi mbava, ngati kuti amandimva. Tsiku lina ndinapeza makina omaliza alibe mutu, patsala miyendo yokha. Ndinafunsa Naphiri, anakana kundiuza kumene waupititsa, ndipo ndinamukankha mpaka anagwera pa ndowa. Ndikunena poyera chifukwa ena muno munachitapo zotere ndipo mumazibisa. Mawa lake ananyamuka kupita kwawo ku Kabudula. Sabata yomweyo ndinagulitsa sizasi yanga. Telala akafika pogulitsa sizasi, dziwani kuti watsala dzina.

M'mawa wina ndinadzuka ndi ludzu la mowa, m'nyumba mulibe china chogulitsa. Ndinakwera pampando kufufuza pamwamba pa kabati, ndipo ndinapeza chikwama chija chili fumbi lokhalokha. Ndinachipukuta, ndinayenda mpaka pa Nsaru, n'kukaima pakhonde limene ndinalithawa. Pamalo panga pakale a Hamisi anali ataunjikapo matumba a mchere.

A Hamisi, kwa amene simuwadziwa, ndi bambo wachisilamu wa ndevu zoyera, wosakonda kulankhula zambiri. Mowa sanaulawepo, ndipo fungo lake amalimva munthu ali kutsidya kwa msewu. Ndinkayembekezera kuti andithamangitsa. Iwo anangotuluka, anasuntha thumba limodzi la mchere, n'kuti, "Khalani pansi, a Mwale. Mwatenga chiyani?"

Ndinati ndikugulitsa chikwama cha kunja, andipatse iliyonse imene ali nayo.

"Chimenechi ndi cha anthu amene mumawatukwana pamsika aja, eti? Ine sindigula chinthu telala asanachitembenuze. Tembenuzani tione kuba kwawoko."

Ndinachitembenuza ndi mtima wofuna kupeza cholakwa. Inu amene simusoka, dziwani kuti chovala chimanama kunja, koma mkati chimanena zoona. Ndinayendetsa chala pa msoko wam'mbali, unali wowongoka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ndinakoka pangodya, pamene ambiri timathamangirapo, panali polimba. Ndinayang'ana zipi, inali yogona bwino osakwinyika. Mtima unayamba kundiwawa, chifukwa ntchito imeneyi inali yoposa yanga, ndipo ine ndinkadzitcha katswiri wa boma lonse la Lilongwe.

Kenaka pansi pa chogwirira ndinaona kanthu. Ulusi unamudukira munthu amene anasoka chikwamacho ali pakati pa msoko. Sanangopitiriza ngati mmene amachitira aulesi. Anabwerera m'mbuyo katatu, anamanga, nsonga yake n'kuibisa mkati mwa mpendero kuti isaoneke. Palibe woyendera ntchito akanafika pamenepo. Anachita zimenezi chifukwa sakanatha kuchita mwina. Ndi momwe ndimachitira ine, ndi momwe anandiphunzitsira amene anandiphunzitsa.

Ndinaika chikwamacho pamwendo. Miyezi yonse ija ndinkatukwana dziko, koma apa ndinali nditagwira dzanja la munthu mmodzi. Kaya ndi mayi, kaya ndi bambo, sindidzamudziwa. Amadzuka m'mawa, amapalasa makina, msana umamuwawa ngati wanga, ndipo mwina amalandira zochepa kuposa zimene ndinkalandira ine. Misozi inangoyamba kutsika yokha, anthu ogula mchere akundiona.

"Mwapeza chiyani?" anafunsa a Hamisi.

"Ameneyu si mbava," ndinatero. "Ameneyu ndi telala."

"Nanga aja a m'fakitale munkawaseka aja anali ndani?"

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo tsiku lina chidzakhala pa telala wa ku Asia uja, akadzapezeka wina wotchipa kumuposa.

A Hamisi analoza m'sitolo mwawo. "Taonani muno. Ndowa, mabatire, maloko, nsalu zimene, zambiri zimabwera m'makatoni kuchokera kutali. Chilichonse chokwana m'katoni chimapita kumene kuli kotchipa, ndipo palibe angachiletse. Koma mnzanu wa chikwamayu, ndi luso lake lonseli, angayeze phewa la munthu wa pa Nsaru? Ntchito imene sakanakulandani munali nayo pakhonde pano. Imeneyo munataya nokha."

Atatero anandiuza kuti mutu wa makina anga uli m'sitolo mwawo. Naphiri anausenza pamutu kuchokera kumudzi, ataukulunga m'chitenje ngati mtolo wa chinangwa, n'kuwapempha kuti asandipatse ndikadali womwa. Mkazi amene ndinamukankha uja anali akundisungira ntchito.

Ndinapempha kuti andipatse pompo. A Hamisi anakana. Analowa, anatuluka ndi singano ndi ulusi, anati ndilowetse. Ndinayesa kasanu, manja akuvina, ulusi ukudutsa kumbali.

"Muzibwera m'mawa uliwonse opanda fungo. Muzisesa khonde, muziyesa singano. Tsiku lomwe ulusi udzalowe kamodzi, makina adzatuluka. Koma ndikuuzirenitu, khonde ndi langa, nsalu ndi za anthu. Kwa a Nambewe mukafike."

Tsono mverani mmene ndinakwerera, inu amene muli m'dzenje lomwelo. Masiku oyamba ndinadwala, thukuta ndi kusanza, ndipo ndinapita kuchipatala n'kukanena zoona kuti ndi mowa, osati malungo. Njira yodutsa kwa amayi otcheza kachasu ndinaisiya, ndinkazungulira kudambo ngakhale kunali kutali. Ndinasesa khonde lija masabata atatu, anthu akundiseka kuti bwana wa oda wakwezedwa pa ntchito. Ulusi unalowa Lolemba lina m'mawa. A Hamisi sanayamikire, anangoitana anthu kuti achotse mchere.

Ku Kabudula ndinapita ndi ankhoswe, ndinagwada, ndinanena zonse osachotsera. Naphiri sanabwere tsiku lomwelo. Anati aone kaye miyezi iwiri, ndipo ankanena zoona, chifukwa malonjezo a chidakwa amawadziwa. Atabwera, ndi iye amene anandiperekeza kwa a Nambewe, nkhuku ili m'manja.

Tinawapeza akuswa mtedza pakhonde. Ndinakhala pansi, ndinayamba kufotokoza za lole ndi za sitima, koma mkazi wanga ananditsina. Ndinasiya zonsezo n'kungoti, "Amayi, ndinakana kusokera bambo, ndipo ndinagwira ntchito tsiku lowaika. Ndinalakwa." A Nambewe sanasiye kuswa mtedza. Patapita nthawi anati, "Ndamva." Nkhuku analandira, mawu ena sanawonjezere. Ndinabwerera osadziwa ngati ndakhululukidwa kapena ayi.

Pakhonde ntchito inayamba ndi zigamba ndi mazipi a anthu odutsa, amene sankadziwa mbiri yanga. Ndinkasoka chigamba ngati chikupita ku Ulaya, mkati moyera, ulusi osalendewera. Ndikati Lachisanu, limakhaladi Lachisanu, mpaka anthu ankadabwa kuti telala wamtundu wanji wosanama. Zimenezi anandiphunzitsa ndi a Madamu, ndipo ndimawathokoza. Maliro akagwa kumudzi, ndinkaphimba makina n'kukakhala pansi ndi amuna anzanga mpaka mwambo utatha. Pang'onopang'ono mayunifolomu anayamba kubwera, kenaka zitenje za pa Nsaru. Koma a m'mudzi mwathu ankadutsabe ndi nsalu zawo. Iwo ankayang'ana kwa a Nambewe, ndipo a Nambewe ankasoketsa kwina.

Chaka chatha kunabweranso munthu wina ndi ntchito ya kunja, timatumba ta mafoni. Ndinavomera, koma ndinamuuza kuti ndi masiku awiri pa sabata, ndisokera pakhonde pomwe pano, ndipo kukagwa maliro lole idikira. Achinyamata inu a pakompyuta, amayi inu a madengu, landirani ntchitoyo, phunzirani zonse zimene ingakuphunzitseni. Koma dzifunseni chimene yabwerera kwa inu. Ngati yabwera chifukwa ndinu otchipa, dziwani kuti ikadali paulendo. Musatseke chitseko cha kwanu chifukwa cha iyo.

Sabata ziwiri zapitazo, ndili pakati posoka, ndinaona chithunzithunzi cha munthu chagwera pa makina. Kudzutsa mutu, a Nambewe, pambuyo pawo pali mwana wawo wamkulu, Yosefe, amene akukwatira Loweruka likubwerali. Phazi langa linaima lokha. Zaka zinayi zinali zitatha mayiwa asanapondepo pakhonde langa. Anamasula kathumba, anatulutsa jekete lakuda n'kuliika pa makina. Ndinalizindikira ndisanalitembenuze. Ndinasokera a Chimphepo kalekale, phewa lamanzere lotsikirapo pang'ono.

"Jekete ili munasoka ndinu," anatero. "Mwanayu akufuna akakwatire atavala la bambo ake, koma likumukulira. Ndayenda kwa matelala awiri, onse akuti aliphwasule lonse. Ine sindikufuna liphwasulidwe ndi munthu amene sanawadziwe. Bambo ake munawakana popita. Mwana wawo musamukane."

Ndinaimirira, ndinachotsa tepi m'khosi, ndinamuyeza Yosefe. A Hamisi anali ataima pakhomo la sitolo, akunamizira kuwerenga maloko. Anthu a m'mudzi mwathu amene anabwera kumsika tsiku limenelo anaona, ndipo pofika Lachitatu panali patabwera zitenje zisanu ndi chimodzi za amayi a paukwatiwo.

Nditamaliza kuyeza, a Nambewe anayamba kumasula mfundo ya pachitenje. "Zingati?"

Ndinati, "Amayi, chonde, imeneyi ndisoka ulere. Ndiloleni."

Anandiyang'ana m'maso, osakwiya, osamwetulira. "Ayi, a Mwale. Yaulere inali ija. Imene ija inapita, simungaibweze. Iyi ndi ya ukwati, ndilipira monga amalipirira aliyense."

Anaika ndalama pa makina, anatenga kathumba kawo, n'kumapita. Ndinafuna kuwathamangira kuti ndiwabwezere, koma ndinakhala pansi, chifukwa ankanena zoona. Mayi ameneyu anandibwezera ntchito yanga ndi anthu anga, koma anakana kundinamiza kuti zimene ndinachita zafafanizika. Sindinaonepo munthu wamkulu mtima ngati ameneyu.

Jekete lili pafupi kutha, kwatsala dzanja limodzi. Ndalama ija ndinailandira, abale anga, ndipo pa ndalama zonse zimene ndagwirapo, za kuno ndi za kunja, palibe inandilemera m'manja ngati imeneyo. Zikomo pondimvera.